Anachikolopa ndi Tsiku Limene Nasale Inayenderedwa

Dzina lakuti Anachikolopa anawapatsa ndi anamwino, ndipo eni akewo sanalikane. Munthu wakolopa nasale ya chipatala chachikulu zaka makumi awiri ndi zitatu, dzina lotero angalikane bwanji? Nasale ndi chipinda chija amagonekamo ana obadwa masiku asanakwane, ndi ena amene afika padziko mpweya ukuwavuta. Mayiwa anali aafupi, a mikono yolimba, manja otuwa ndi mankhwala okolopera, ndipo milomo yawo inkakhala yopinda ngati ya munthu amene wamva fungo la chinthu chowola koma ulemu ukumuletsa kunena. Muyeso wawo woyezera anthu unali umodzi wokha: kodi polowa m'nasale wasamba m'manja? Wosamba anali munthu. Wosasamba, kaya avale jekete loyera, kaya akhale ndi mapepala asukulu odzaza chikwama, kwa iwo anali ntchentche yovala nsapato.

M'chipindamo analowamo koyamba ngati mayi, osati wantchito. Mwana wawo wamkazi anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera ngati paketi ya shuga, miyendo ngati zala za munthu wamkulu. Masabata asanu ndi limodzi anakhala pabenchi la amayi akufinyira mkaka m'kakapu. Tsiku lina mayi wina anataya mkaka pansi, anthu n'kumaupondaponda mpaka simenti yonse kumata. Iwo anaipidwa nazo, anatenga chikolopa chimene chinali kuseri kwa chitseko, n'kukolopa chipinda chonse. Sisita wa nthawi imeneyo, mayi waukali amene ankavulitsa mawotchi ngakhale madokotala, anaima n'kumawayang'ana mpaka anamaliza.

"Iwe, kunyumba kwako umakolopa chonchi?" anafunsa sisitayo.

"Kwanga ndimaposa apa, asisita."

Mwana atatuluka, sisitayo anawalowetsa ntchito. Ndi iyeyo anawaphunzitsa kuti chikolopa cha pakhonde sichilowa m'kati, kuti popukuta umayambira poyera kumalizira pakuda, ndi kuti bokosi lagalasi lofunditsira mwana ulipukuta m'ngodya zonse zinayi ngati udzadyeramo wekha. M'kupita kwa zaka anadziwanso zina zimene palibe anawaphunzitsa. Ankazindikira kulira kwa makina a mpweya akafuna kufa. Ankazindikira mwana amene akuzizira pongoona milomo yake.

Sisita uja atapuma ntchito, zinthu zinayamba kufwifwa pang'onopang'ono. Kunabwera mkulu wachipatala watsopano amene Anachikolopa ankamutcha Bwana Tayi, chifukwa chinthu chokha chimene ankaoneka kuti amachisamala pachipatalapo chinali tayi yake. M'nasale ankalowamo pokhapokha pakhale wojambula zithunzi. Kunabwera metironi, woyang'anira anamwino onse, wa zikhadabo zazitali zopaka psuu, zoti sangamange nazo ngakhale thewera. Panalinso dokotala wamkulu wa ana, amene ankayendera odwala foni ili kukhutu. Dzanja lomwelo agwire foni, lomwelo akande mphuno, lomwelo alowetse m'bokosi kukagwira mchombo wa khanda.

"Adokotala, madzi ali apa," ankatero Anachikolopa ataima ndi jagi pakhomo.

"Ndasamba kale kumtunda, mayi."

Kumtunda kwake kuti? Kuchokera kumtundako kufika kunasale panali zitseko zisanu ndi chimodzi, ndi anthu khumi opatsana nawo moni wa m'manja. Anachikolopa ankangotsonya chapansipansi n'kubweza jagi pamalo pake.

Jagiyo inabwera chifukwa mpopi wa sinki ya pakhomo unafa, ndipo unakhala chifere miyezi isanu ndi itatu. Namwino wina wamtali, mmodzi wa ochepa amene Anachikolopa ankawawerengera m'gulu la anthu, analemba makalata anayi kumaofesi. Yankho linali lomwelomwelo: tikuziona. Kuziona kwakeko kunali kwa maso otani, palibe anadziwa. Anachikolopa ankatunga madzi kochapira, ndowa ziwiri m'mawa, ziwiri masana, kukwera nazo masitepe. Mabokosi ofunditsira ana analipo khumi ndi awiri, koma amoyo asanu okha. Ana ankafika makumi atatu, ndiye ankagonekedwa atatu m'bokosi limodzi, ena m'timabedi pansi pa hita, atapanikizana ngati masipuni mu dirowa.

Mwezi wina ana asanu a mzere wa kuwindo anamwalira motsatizana, mimba zitatupa, khungu litada. Panaitanidwa msonkhano. Metironi, akuyang'ana zikhadabo zake, anapeza gwero la matendawo mosavuta: amayi ndi auve, okolopa ndi aulesi. Za mpopi sanatchule. Dokotala wamkulu anavomereza ndi mutu uku akulemba uthenga pafoni. Anachikolopa, amene anapukuta okha timabedi ta ana asanuwo n'kutisiya topanda kanthu, anakhala kumbuyo manja ali pamaondo, n'kumawayang'ana anthu ophunzirawo mmodzimmodzi ngati akusankha tomato wowola pamsika.

Amuna awo anali telala, makina awo osokera ali pakhonde la nyumba. Ankadziwa za tsikulo pongomva mmene geti latsekedwera.

"Lero mwamenyana ndi ndani, amake mwana?"

"Ndikanamenya munthu bwenzi mutamva kale pawailesi."

"Inu ntchito yanu ndi yapansi. Zam'mwambazo asiyireni eni ake."

"Eni akewo akamagwetsa nyansi zawo zimagwera pati? Si pansi pomwepo pali ineyo?"

Atelala anaseka n'kupitiriza kupalasa makina. Ankawadziwa akazi awo: mkwiyo wawo sunkaphulika, unkangouma n'kukhala mwala. Mwana wawo uja tsopano anali mayi wonenepa wa ana awiri, womanga anthu tsitsi m'tauni, ndipo naye ankawauza kuti, "Amayi, zaka ziwiri zatsala kuti mupume ntchitozi ingomalizani mwakachetechete." Iwo ankamuyankha kuti achepetse kudya.

Kenaka inamveka nkhani yakuti kukubwera oyendera, anthu oona kasamalidwe ka odwala, ndipo chipatala chikakhoza chidzalandira satifiketi yopachika pakhoma. Abale inu, Bwana Tayi anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Sabata imodzi yokha, makoma a nasale anapentedwa ana ali momwemo, fungo la penti likuwawa m'mphuno mwa munthu wamkulu, nanji khanda. Pamawindo panabwera makatani a maluwa. Mabokosi akufa aja anapukutidwa n'kulumikizidwa kumagetsi kuti timagetsi take tizioneka tikuyaka, ngakhale m'kati munali zii ngati m'firiji. Pasinki anaikapo mutu wa mpopi watsopano wonyezimira, paipi yake yakufa yomweyo, ndipo pamwamba pake anamatapo chithunzi chachikulu cha manja awiri a thovu, chophunzitsa kasambidwe ka m'manja m'njira zisanu ndi imodzi.

"Yachisanu ndi chiwiri aiwala," anatero Anachikolopa kwa namwino wamtali. "Kutsika masitepe ndi ndowa."

M'mawa wa tsikulo metironi anafika atavala yunifolomu yowuma ndi sitachi, nawerenga ana. Analipo makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Pepala la oyendera linkafuna mwana mmodzi pamalo amodzi.

"Khumi ndi anayi achoke," anatero. "Amene sali pampweya apite ndi amayi awo kuchipinda cha nsalu. Ndi ola limodzi lokha."

"Ametironi, kumeneko n'kozizira," anatero namwino wamtali. "Kulibe hita, kulibe ngakhale pobayira magetsi. Ena mwa anawa sanafike makilogalamu awiri."

"Aziwaika pachifuwa. Si zimene timaphunzitsa? Kapena mukufuna mukafotokoze nokha kwa bwana chifukwa chimene talepherera?"

Namwinoyo anali ndi ana akeake atatu pasukulu. Anayamba kutulutsa makanda m'mabokosi amoyo, mmodzimmodzi, n'kumawapereka kwa amayi awo, nkhope yake itauma. Osankhidwa kutsala anamwazidwa bwinobwino, odwalitsitsa m'mabokosi amoyo, ooneka onenepako m'mabokosi akufa atawafunditsa mabulangete atsopano. Nasale inaoneka ngati ya m'buku.

Chipinda cha nsalu chinali kumapeto kwa khonde, chopapatiza, mashelefu mbali zonse, pansi simenti, windo lake galasi limodzi losweka. Amayi khumi ndi atatu anakhala pansi mothithikana, chifukwa mmodzi anali ndi mapasa. Metironi anakoka chitseko, namatapo pepala lakuti chipinda chikukonzedwa, n'kutembenukira kwa Anachikolopa.

"Inu mayi, lero musaonekere. Ndowa zanuzo mubise. Alendo akadutsa muzikhala kuseri."

"Chabwino, ametironi," anatero Anachikolopa. Mawuwo anatuluka osalala, koma maso anali pa zikhadabo zija.

Oyendera anayenera kufika naini koloko. Anafika teni, n'kuyambira ku ofesi ya Bwana Tayi kumene kunali tiyi, mabisiketi ndi zolankhula. Ola limodzi la metironi linasanduka maola atatu. Anachikolopa anapita kawiri kuchipinda cha nsalu, n'kutsitsa mashiti m'mashelefu kuwafunditsa amayiwo, n'kutseka windo losweka lija ndi katoni. Ulendo wachitatu anapeza mayi wa mapasa akulira mosatulutsa mawu. Anali mayi wowonda amene anachitidwa opaleshoni masiku anayi apitawo, ndipo chifuwa chake sichikanafunditsa ana awiri.

"Amayi, taonani uyu. Sakuyamwa. Ndikumugwedeza sakulira."

Anachikolopa anatsegula nsalu. Kamwanako milomo inali itatuwa, timapazi tili zii ngati chitsulo cha bedi, kupuma kwake kwa apo ndi apo. Anakabweza pachifuwa cha mayi wake, n'kunyamula mnzakeyo kumupatsa mayi wina kuti amufungatire. Kenaka anapita kukasamba m'manja m'ndowa imene anabisa kuseri kwa masitepe, chifukwa ngakhale tsiku lotero sakanalowa m'nasale osasamba, n'kukankha chitseko.

Alendo anali m'kati. Analipo atatu: abambo awiri a masuti onyamula mafaelo, ndi mayi wachikulire wa imvi ndi magalasi. Abambowo ankayenda manja kumbuyo ngati akuona nyumba yogulitsa, uku akuchonga m'mapepala. Makatani, chonga. Chithunzi cha manja, chonga. Bwana Tayi anali pakati akufotokoza kuti chipatala chake chimaika mwana patsogolo pa zonse, ndipo dokotala wamkulu, foni ili m'thumba kwa nthawi yoyamba chibadwire, ankamwetulira pambali pake.

Anachikolopa anaima pakati pa chipinda ndi epuloni yawo yakale, nadikira kuti bwanayo apume.

"Pepani bwana," anatero ndi ulemu wonse, manja atagwirana kutsogolo. "Ana aja mwawatsekera kuchipinda cha nsalu aja, mmodzi wazizira, akupuma mobanika. Ndimati ndifunse, timubweretse panopa, kapena adikire alendo amalize?"

Bwana Tayi anaseka kaseko kouma.

"Awa ndi mayi otithandiza kukolopa," anauza alendowo. "Ndi achikulire, nthawi zina amasokoneza zinthu."

"Zoona bwana, sukulu sindinapite nayo patali," anatero Anachikolopa. "Koma kuwerenga mpaka khumi ndi zinayi ndimatha."

Namwino wamtali sanadikire chilolezo cha munthu. Anatuluka chothamanga. Mayi wa imvi uja anatseka faelo yake nati, "Mayi, tiyeni mukandionetse." Anayenda pakhonde paja Anachikolopa patsogolo, mlendoyo pambuyo, masuti onse akutsatira ngati anthu operekeza maliro a munthu amene sakumudziwa. Anakumana ndi namwino akubwerera, kamwana kali m'kati mwa yunifolomu yake. Chitseko cha chipinda cha nsalu chinali chotsegula, ndipo amayi aja anatukula maso ali pasimenti, makanda ali m'zifuwa. Mmodzi wa abambo a masuti anayang'ana m'pepala lake, ngati akufuna mzere woti achongepo zimenezi, koma sanaupeze.

Mayi wa imvi anali namwino wakale, zinaoneka ndi kayendedwe ka manja ake. Anabwerera kunasale mofulumira, napinda manja a bulauzi, napita pasinki. Anapotokola mpopi wonyezimira uja. Anapotokolanso. Unangolira kwii, osatulutsa ngakhale dontho.

"Madzi athawa m'mawa uno," anatero metironi.

Anachikolopa anapita kuseri kwa masitepe, nabwera ndi ndowa, jagi ndi sopo, n'kuyamba kumuthirira mlendoyo m'manja.

"Mumachita chonchi masiku onse?" anafunsa mayiyo chapansipansi.

"Kwa amene akufuna, mayi. Si ambiri."

Kamwanako anakaika m'bokosi lamoyo, nakapatsa mpweya ndi diripi. Dokotala wamkulu, poona kuti maso a mlendo ali pa iye, anasamba m'manja mpaka m'zigongono, mwaluso ndithu, njira zonse zisanu ndi imodzi. Anachikolopa pomuthirira madzi anaona kuti kani munthuyu amadziwa, ndipo anamunyoza kuposa kale. Ana ena onse anabwezedwa, atatuatatu monga mwa masiku onse, ndipo mlendoyo anayenda bokosi ndi bokosi akulowetsa dzanja kuti amve limene likufunda.

Mwanayo anakhala masiku awiri, lachitatu masana anamwalira. Papepala dokotala analemba kuti anabadwa wochepa kwambiri. Mwina zinali zoona, mwina akanapitabe ngakhale akanakhala m'bokosi, Anachikolopa sakanatha kulumbira. Chimene ankadziwa n'chakuti m'mawa wa tsiku lija kamwanako kanayamwa, iwo akuona. Mnzake anakhala moyo, ndipo patatha masabata atatu mayi wowonda uja anatuluka naye. Podutsa pakhomo anaima, nawagwira Anachikolopa dzanja nthawi yaitali, n'kumapita.

Satifiketi sinabwere. M'malo mwake kunabwera lipoti lalikulu ngati buku la nyimbo, limene linakagona m'kabati. Mpopi unakonzedwa tsiku lotsatira lomwe. Wokonza mipopi anagwada pansi pa sinki, nachotsa kachitsulo kamodzi kadzimbiri, naikapo kena, madzi n'kutuluka khwaa. Ntchito yonse sinathe ola. Anachikolopa anaima n'kumawayang'ana madziwo, akuwerenga miyezi isanu ndi itatu. Mabokosi atatu anakonzedwanso chaka chisanathe. Anayi otsalawo anawatulutsa n'kukawaunjika kuseri kwa khitchini, kumene amphaka anaberekeramo.

Bwana Tayi anasamutsidwa. Anthu ena anayesa kuti walangidwa, koma zinamveka kuti wapita ku likulu, kukakhala mu ofesi yoona za kasamalidwe kabwino ka odwala m'zipatala zonse. Anachikolopa atamva anaseka mpaka kukhosomola. Metironi anatsala, ndipo sanawalankhulenso. Anangotumiza kalata yakuti, poona msinkhu wawo, mayiwa apatsidwe ntchito yopepuka yosesa poimika magalimoto.

"Ndinakuuzani," anatero atelala, koma mawu awo analibe mphamvu. Madzulo ake anawasokera chipewa cha mlomo waukulu chotchinga dzuwa, osauzidwa ndi munthu.

Zaka ziwiri zomalizazo anazithera panja ndi tsache, akusesa masamba pansi pa magalimoto a mabwana. Kumeneko anaphunzira kuti galimoto ya dokotala wamkulu inkatsukidwa kawiri patsiku. Namwino wamtali ankatsika nthawi yopuma kudzakhala nawo pakhoma la maluwa, n'kumawauza za kumtunda: lero alipo makumi atatu ndi awiri, wokolopa watsopano akulowetsa chikolopa cha pakhonde m'kati, sopo watha kuyambira Lolemba. Iwo ankamvetsera akutafuna mano, n'kumupatsa malangizo oti akauze wokolopayo. Kunasale sanakwereko ngakhale kamodzi. Ankati ndi fumbi la panja limene ali naloli, alowa bwanji?

Tsiku lopuma ntchito anaitanidwa ku ofesi ya mkulu watsopano, bambo waulemu ndithu amene anali asanawaonepo nkhope. Panali mipando isanu ndi botolo la zakumwa. Mkuluyo anawerenga papepala kuti mayiwa atumikira mokhulupirika zaka khumi ndi zisanu m'chigawo chosamalira malo apanja. Zaka khumi zinasowa pamenepo, nasale yonse n'kusowanso, koma Anachikolopa sanamukonze. Metironi anaomba m'manja ndi nsonga za zala. Anawapatsa fulasiki ya tiyi yokutidwa m'pepala lonyezimira, wojambula n'kuwauza kuti amwetulire. Anamuyang'ana mpaka anajambula choncho.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakati pa sabata. Atelala anaimitsa makina.

"Nanga akuti bwanji akuluakulu?"

"Akuti ndine chitsanzo."

"Cha chiyani?"

"Sananene."

Anaika fulasikiyo pawindo, navula nsapato, n'kukhala pampando wa makasitomala miyendo atatambasula. Anakhala choncho kanthawi akuyang'ana msewu. Kenaka anatola buluku limene amuna awo anali atangomaliza kusoka, nalitembenuza kunsi, n'kuwauza kuti mpendero wa mwendo wakumanzere wapotoka, ausosole ayambirenso.